Fodya wathu akachoka ku okushoni amakathera kuti, ndipo ndudu zake amapangira kuti?

Mwana wa ku Santhe

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha ndiye ndati ndibwere nalo kuno poti pano pali anthu oyenda komanso ena munagwirapo ntchito za fodya.

Ndinapita kumudzi kukathandiza madala kudinda mabelo, iwowa amalima fodya wa bale ndipo anayamba ine ndisanabadwe. Tili pa chigafa usiku, wina wagwira tochi ife tikukanikiza jeke, madala anangokhala duu kwa kanthawi kenako nkundifunsa kuti iwe poti unapita kusukulu tandiuza, fodya ameneyu akakwera lole nkukagulidwa amapita kuti? Amamusuta ndani? Anati zaka zonsezi ndafesa nazale, ndawokera, ndathena, ndasoka mpaka manja kuda bii ndi phula lake koma sindinaonepo ndi maso anga nyumba yomwe amapangiramo ndudu. Ine ndinangoti amapita kunja. Iwo amvekere kunja kwake kuti, ku Joni kapena ku Ulaya? Ndinasowa chonena ndipo zinandipweteka mumtima chifukwa fizi yanga yonse inachokera mmasamba omwewo.

Mawa lake ndinafika pa golosale ina pa tauni ndikupempha paketi ya ndudu kuti ndingowerenga, ine sindisuta, ndiye pambali pake panalembedwa kuti inapangidwa dziko lina. Ndiye ndikufunsa, mafakitale a ndudu ali kuti kwenikweni? Eni ake ndani? Nanga zimatheka bwanji kuti ife tikulima fodya wochuluka chonchi mpaka kumutcha golide wobiriwira koma paketi ikuchokera kunja? Ndikufuna ndikabwerera kumudzi mwezi wa mawa ndikawafotokozere madala zomveka, osati zongopeka. Zikomo.

Wa ku Area 25

Achimwene madala afunsa zenizeni. Ine ndinagwirapo ya sizoni zaka 6 pa fakitale ina ya fodya ku Kanengo ndiye ndikuuzani mbali yomwe ndinaona ndi maso.

Choyamba mukawauze kuti amene amagula belo lawo nthawi zambiri si amene amapanga ndudu ayi. Makampani mumawamva pa wailesi aja, Limbe Leaf, Alliance One, Premium, awa ntchito yawo ndi kugula tsamba, kulikonza nkuligulitsa kwa ena, tingoti ndi apakati koma a dziko lonse lapansi. Limbe Leaf mwini wake wamkulu ndi Universal Corporation ya ku Richmond, Virginia ku Amereka, a Press Corporation ali ndi gawo lawo mmenemo. Alliance One ili pansi pa Pyxus ya ku North Carolina. Universal yomweyo ndi imene ili ku Tete ndi dzina la Mozambique Leaf Tobacco, abale athu a ku Angonia amagulitsa kumeneko. JTI (Japan Tobacco International) ndiyo yosiyana pang'ono chifukwa iyo imapanganso ndudu zake, inangoganiza zobwera yokha kudzagula tsamba kwa mlimi.

Zomwe zimachitika mkati mwa fakitale ndi izi. Belo likafika timalimasula, fodya amamupopera nthunzi kuti afewe asafumbutuke, kenako amalowa mmakina omenya tsamba kuti lisiyane ndi msempha wapakati uja timati sitemu. Mbali mwa lamba mumaima anthu tsiku lonse kutola tizingwe ta chiguduli, nthenga za nkhuku, timapulasitiki, chilichonse chomwe si fodya, chifukwa kasitomala akapeza kapulasitiki amatha kukana katundu yense. Ine ndinayambira pamenepo. Fungo lake ukangoyamba kumene umayetsemula mpaka misozi ndipo kunyumba ana amadziwa kuti wafika usanagogode nkomwe. Akatero amamuumitsanso nkumudinda mmakatoni akuluakulu a makilo pafupifupi 200 lililonse. Pofika apo fodya wa madala wasakanikirana ndi wa anthu a ku Dowa, ku Mchinji, ku Rumphi, dzina lawo linathera pa tikiti ya belo ija, pa katoni pamangokhala giredi ndi manambala basi. Ndiye dziwani kuti pa Kanengo ndi pa Limbe mafakitale aakulu aja sapanga ndudu, amangokonza tsamba.

Makatoni aja amalowa mmakontena, ulendo wa ku doko, Beira kapena Nacala, ena mpaka Durban. Ambiri amakatsikira ku Antwerp ku Belgium komwe kuli nyumba zikuluzikulu zosungiramo fodya. Nchifukwa chake mukaona mndandanda wa mayiko omwe amagula katundu wa Malawi mumapeza Belgium ili pamwambamwamba, sikuti anthu a ku Belgium amasuta kuposa anzawo ayi, pamenepo ndi pokocheza chabe, kuchoka apo amamwazika kupita ku mafakitale a mayiko ena.

Komanso ndudu imodzi simukhala fodya wa dziko limodzi. Ndudu ngati Marlboro, Camel kapena Winston amasakaniza mitundu itatu, wa Virginia woumitsa ndi kutentha kwa moto uja amalima kwambiri ku Zimbabwe ndi ku Brazil, bale ngati wathuyu, ndi wina wa timasamba ting'onoting'ono wonunkhira wochokera ku Turkey, Greece ndi mayiko oyandikana nawo. Bale amamukonda chifukwa poti amauma ndi mphepo mchigafa amakhala wopanda shuga wambiri ndiye amamwa bwino zokometsera zomwe amathiramo, shuga, koko ndi zina. Ndiye tsamba la ku Santhe likhoza kukhala mu ndudu imodzi ndi la ku Brazil ndi la ku Turkey, pepala lochokera kwina, fyuluta kwina, nkukagulitsidwa dziko lomwe madala sanalimvepo.

Nachisale ku Nottingham

Achimwene a ku Area 25 mwafotokoza bwino, ine ndipitirize pomwe mwasiyira poti ndikukhala mu mzinda womwe unkadziwika ndi ndudu. Kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo angapo mwa agogo omwe ndawasamalirapo anagwira ntchito moyo wawo onse pa fakitale ya ndudu za Player's. Gogo wina ankandiuza kuti tsiku lolandira malipiro ankapatsidwanso ndudu zaulere, ndimamumvetsera akufotokoza uku ali ndi chubu cha mpweya pamphuno. Nditamuuza kuti kwathu timalima fodya anandigwira dzanja nkuti ndiye tinkagwirira bwana mmodzi.

Koma mukabwera lero simupeza fakitaleyo. Imperial, eni ake a Player's, inatseka ya kuno ku Nottingham mu 2016, BAT (British American Tobacco) inali itatseka kale yake ya ku Southampton mu 2007, ndipo JTI inatseka ya ku Ballymena ku Northern Ireland mu 2017. Malikulu okha ndiwo alipo, BAT ku London, Imperial ku Bristol, koma ndudu zomwe anthu akusuta kuno zikuchokera kunja monga mmene mwaonera pa golosale ya kwanuko. Zambiri za ku Ulaya kuno tsopano akupangira ku Poland, Germany, Romania ndi mayiko ena a mbali imeneyo. Philip Morris ili ndi fakitale yaikulu ku Kraków, JTI ili ndi ina ku Trier ku Germany komanso ku Poland konko. Amasamukira komwe ogwira ntchito ndi otchipa ndiponso makina a masiku ano amathamanga zoopsa, alipo otulutsa ndudu mpaka 20,000 pa mphindi imodzi, ndiye fakitale imodzi imakwanitsa kudyetsa mayiko ambiri, safunanso kukhala ndi fakitale dziko lililonse ngati kale.

Za eni ake, kunja kwa China makampani aakulu ndi anayi basi. Philip Morris International, eni a Marlboro kunja kwa Amereka, anapatukana ndi Altria mu 2008 ndipo ntchito zawo zambiri amayendetsera ku Lausanne ku Switzerland. BAT, eni a Dunhill, Pall Mall, Rothmans ndi Lucky Strike, iwo anameza Reynolds ya ku Amereka mu 2017. JTI ili ku Geneva koma kholo lake ndi Japan Tobacco yomwe boma la Japan lili ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, iwo anagula nthambi ya kunja ya RJ Reynolds mu 1999 ndi Gallaher mu 2007. Ndiye Imperial. Mukaona bwino akhala akumezana okhaokha, maina a ndudu ndi ambirimbiri pa shelefu koma mukawatsata amakathera mmatumba anayi omwewa. Ogula akachepa chonchi wogulitsa tsamba alibe kolowera.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi chifukwa ichi ndi chimene chimandiwawa ine. Mu ndudu imodzi fodya wake safika ndi galamu imodzi yomwe. Ndiye kilo imodzi ikhoza kutulutsa ndudu 1,000, amenewo ndi mapaketi 50 a ndudu 20. Kuno paketi imodzi ndi mapaundi 15 kapena kuposa. Werengani nokha, ndiye mufananize ndi zomwe madala analandira pa kilo chaka chino. Kunena chilungamo ndalama zambiri pa paketi ya kuno ndi msonkho, boma limatenga pafupifupi mapaundi 8 pa mapaundi 10 alionse, koma ngakhale mutachotsa msonkhowo zomwe zimafika kwa mlimi pa paketi imodzi ndi timakobili tosaoneka nkomwe. Ndalama ili pa dzina la ndudu, osati pa tsamba.

Nchifukwa chake amalimbana zedi akakhudzidwa dzina. Australia italamula mu 2012 kuti mapaketi onse akhale ofanana opanda zokongoletsa, Philip Morris inawatengera ku bwalo la milandu ya zamalonda koma inagonja mu 2015. Uruguay, kadziko kakang'ono, anakasumira mu 2010 chifukwa cha zithunzi zochenjeza pa paketi, mlandu unatha mu 2016 Uruguay nkupambana. Kunonso mapaketi onse ndi a mtundu umodzi wonyansa ndipo mu shopu amawabisa mkabati, umachita kutchula dzina kuti akupatse.

China chomwe mwina simunamve, kuno ku London kuli mlandu womwe maloya a Leigh Day anatsegula mu 2020 poimira matenanti zikwizikwi a ku Malawi ndi ana awo, akusumira BAT ndi Imperial kuti amapindula ndi thukuta la anthu ogwira ntchito mwaukapolo. Makampaniwo akukana ndipo anapempha kuti mlandu uthetsedwe koma mu 2021 khoti linakana pempho lawo. Chomwe amatsamirapo ndi chomwe anena achimwene a ku Area 25 chija, kuti iwo sagula kwa mlimi, amagula kwa apakati.

Mjoni wa ku Mangochi

Asisi a ku Nottingham mwaiwala wamkulu wa onse. China National Tobacco Corporation, kampani ya boma la China, iyo yokha imapanga ndudu zoposa 2 thiriliyoni pa chaka, pa ndudu 10 zilizonse za pa dziko lapansi 4 kapena kuposa ndi zawo. Sitimaimva chifukwa pafupifupi zonse amasuta okha konko. Koma pitani ku Zimbabwe mukaone, kuli kampani yawo ya Tian Ze yomwe imapereka ngongole kwa alimi nkumagula fodya wa Virginia, anzanga a ku Zimbabwe omwe ndimagwira nawo ntchito kuno amati kwawo fodya wabwino kwambiri amapita ku China.

Za mu Africa muno mafakitale alipo ndithu musaganize kuti zonse ndi ku Ulaya. Ine ndinakhalapo ku Heidelberg, kumwera kwa Johannesburg mukamapita ku Durban, nthawi imeneyo kumeneko ndi komwe kunali fakitale yaikulu ya BAT ya kuno, Peter Stuyvesant yomwe anthu amakonda kuno inkachokera kumeneko. Ku Nairobi BAT ili ndi ina yomwe imatumiza ndudu mmayiko ambiri oyandikana nawo, ku Ibadan ku Nigeria ilinso, ku Harare ilipo, ku Lusaka anamanga yatsopano zaka zapitazi, ndipo ku Dar es Salaam kuli Tanzania Cigarette Company yomwe ili mmanja mwa JTI. Ndiye paketi mwaona pa golosale ija mwina sinachokere patali, mwina yangodumpha malire awiri kapena atatu.

Chomwe ndinaphunzira kuno ndi cha 2020 nthawi ya korona. Boma linaletsa kugulitsa ndudu kuyambira kumapeto kwa March mpaka mu August. Mukuganiza kuti anthu anasiya? Ndinkaona ndekha pa kona ya msewu wathu mnyamata atakhala pa kireti ngati akungowothera dzuwa, ndudu zili mu sokosi, mtengo wokwera katatu kanayi koma anthu ali pa mzere chamseri, ena azimayi aulemu wawo. Mitundu ya ndudu yomwe sitinaionepo inadzaza mmalokeshoni ndipo mpaka lero sinachoke. Apo mpamene ndinazindikira kuti bizinesi imeneyi mphamvu yake ndi chibaba, munthu akakodwa amagula basi kaya mtengo ukwere bwanji. Nchifukwa chake akaona kuti ku Ulaya anthu akusiya amayang'ana kuno kwathu ndi ku Asia komwe achinyamata ndi ambiri, ndipo ndudu amagulitsa imodziimodzi pa mtengo woti mwana wa sukulu akwanitsa.

Agogo a ku Chigumula

Ana anga ndawerenga zonse, mwalankhula zanzeru, koma ndiloleni ndiwonjezere zakale poti ine ndakulira mu Limbe momwe muno ndipo bambo anga ankagwira ntchito ya fodya.

Nkhani yoti tsamba lizituluka losapangidwa si ya lero. Imperial Tobacco inamanga fakitale yake ku Limbe mu 1908, ndipo ntchito yake inali yomweyo mwafotokoza a ku Area 25, kukonza tsamba kuti likwere sitima lipite ku Britain. Okushoni inayamba mu 1938. Kuyambira pachiyambi dongosolo lake linali lakuti kuno kuzilimidwa, kwawo kuzipangidwa. BAT imene mukuitchulayi inabadwa mu 1902 pamene kampani ya ku Britain ndi ya ku Amereka zinatopa kulimbana nkugwirizana kuti aliyense asalowe kwa mnzake koma dziko lonse lotsala aligulitsire limodzi. Ndiye kugawana mayiko anayamba kalekale.

Koma musanene kuti kuno sikunapangidwepo ndudu. BAT inali ndi fakitale mu Blantyre muno, akuluakulu anzanga akukumbuka Tom Tom, ndipo bwalo la mpira lija mpaka lero timangoti pa BAT dzina lake linachokera kumeneko. Anadzasiya kupanga nkuyamba kungoitanitsa kuchokera ku mafakitale awo a mayiko ena. Pano ilipo Nyasa Manufacturing yomwe ikupanga ndudu mu Blantyre, koma fodya yemwe imagwiritsa ntchito ndi wochepa zedi tikayerekeza ndi amene amatuluka.

Apa mpamene ndikusiyana pang'ono ndi maganizo omwe ndikuwamva pansi pa funso lanu mdzukulu wanga, akuti tikanakhala ndi fakitale yaikulu bwenzi zonse zili bwino. Kumanga fakitale si chovuta, makina amagulidwa. Chovuta nchakuti ukapanga ugulitsa kuti? Amalawi osuta ndudu za mpaketi ndi ochepa, kumudzi ambiri amangopichira chingambwe pa pepala. Kunja nako munthu wosuta safuna ndudu iliyonse, amafuna dzina lomwe analizolowera, ndipo mayiko ambiri analetsa kutsatsa malonda a fodya ndiye dzina latsopano ulidziwitsa bwanji? Lamulo lomwe linabwera kuti lichepetse kusuta lathandizanso akuluakulu aja kutseka chitseko kuti wina asalowe. Onjezanipo kuti bale yekha sapanga ndudu, uyenera kuitanitsa mitundu ina, pepala, fyuluta, zonse ndi madola omwe tilibe.

Ndipo madala anuwo muwafunse, akuuzani kuti nthawi ya Kamuzu munthu wamba sankaloledwa kulima bale, anali wa maesiteti okha, anthu ankangolowa utenanti. Zinayamba kumasuka cha mu 1990. Anthu anasangalala, midzi inasintha, malata anayamba kuoneka ku Kasungu ndi ku Dowa, izi ndinaziona ndipo sindingazikane. Koma alimi atachuluka ogula anakhala ochepa omwe aja. Bingu anayesa, anaika mitengo yoyambira ndipo mu 2009 anathamangitsa mdziko muno akuluakulu ena a makampani ogula fodya chifukwa cha mitengo, tinaombera mmanja tonse, koma chaka chilichonse nkhani pa wailesi ndi yomweyo ya mabelo obwezedwa. Amene amalamula mtengo weniweni sali ku Kanengo, ali ku Lausanne, ku London ndi ku Geneva, iwo akanena kuti chaka chino tikufuna wochuluka chonchi pa mtengo wakuti, wa ku Kanengo amangotsatira.

Chimene chimandimvetsa chisoni nchakuti pa misonkhano ya mayiko ife ndi amene timaimirira kuwateteza. Canada italetsa zokometsera mu ndudu, Malawi inakadandaula ku WTO, bungwe loona zamalonda pa dziko lonse, chifukwa choopa kuti bale asowa msika. Pa mlandu wa mapaketi a ku Australia tinalowanso ngati okhudzidwa pamodzi ndi Zambia ndi Zimbabwe. Pangano lochepetsa kusuta la WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, tinalowamo mochedwa zedi, mu 2023, anzathu ambiri atalowa kalekale. Sindikuimba mlandu boma, munthu amene chakudya chake chili mmanja mwa wina amalankhula mosamala.

Mayi a kalabu ku Mchinji

Agogo mwanena zoona za ogula kuchepa. Ine ndine mlimi ndipo ndili pa kontirakiti kuyambira pomwe dongosololi linakhazikika mu 2012. Ubwino wake ulipo sindinama, feteleza amabwera pa nthawi yake, mbewu, mapulasitiki, alangizi amafika pamunda ndi njinga yamoto, ndipo umadziwa kuti fodya wako ali ndi mwini. Koma chaka china kampani yomwe ndinali nayo, sinditchula dzina, inanditsitsira giredi mabelo 4 omwe ndinasankha ndekha ndi manja angawa tsamba ndi tsamba, ndipo atadula ngongole, mayendedwe, chiguduli ndi timisonkho tina tonse, pepala lomwe ndinalandira ndinachita kukhala pansi pa khonde la banki. Ukakana upita naye kuti fodya woti unalima ndi feteleza wawo?

Chinanso muwauze madala achimwene, zomwe zimachitika kunjako zimatipeza mpaka kumunda. Mu November 2019 Amereka inalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa doko chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi matenanti, makampani anachita kudziyeretsa imodziimodzi kuti awatsegulire. Kuchokera pamenepo alangizi akafika amayamba ndi kufunsa kuti ana ali kusukulu? Ndipo ine pa ichi ndimagwirizana nawo, mwana wanga wachiwiri anadwalapo ali wamng'ono atathyola fodya wa mame mmawa, kusanza ndi chizungulire tsiku lonse, kuchipatala anati ndi poizoni wa mtsamba wolowera pakhungu. Kuyambira tsiku limenelo mwana salowa mmunda mwanga mwa fodya. Koma akamatiuza kuti tilembe aganyu akuluakulu mtengo nawo uzikwera kuti tikwanitse kuwalipira.

Nachisale ku Nottingham

Mayi a ku Mchinji pepani ndi za mwanayo. Ndiwonjezere kamodzi kokha poti zikukhudza tsogolo la bale. Kuno achinyamata ambiri sakugwiranso ndudu, ali ndi timakina totulutsa nthunzi tija, mmenemo mulibe tsamba, ndi timadzi ta nikotini basi. Makampani omwe aja ndi amene akugulitsanso zimenezi, BAT ili ndi Vuse, Philip Morris ili ndi IQOS yomwe imangotenthetsa fodya osamuyatsa ndipo anamanga fakitale yaikulu ya timitengo take pafupi ndi Bologna ku Italy. Iwo njira yawo aikonza kale, ndudu ikatha adzagulitsa china. WHO imati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni pa chaka ndipo ine amene ndimasintha mabotolo a mpweya usiku sindingalakelake kuti anthu azisutabe. Koma ndikamaona timakina timeneti mmanja mwa ana a sukulu ndimaganiza za chigafa cha malume anga ku Mponela kuti iwo akonzekera chiyani.

Mwana wa ku Santhe

Zikomo kwambiri nonse, Agogo, amayi, achemwali ndi achimwene, sindinayembekezere kuti mundipatsa zochuluka chonchi. Sindinathe kudikira mwezi wa mawa, ndawaimbira madala madzulo ano pa foni ya mlongo wanga ndipo ndawawerengera pang'onopang'ono. Pa nkhani ya makatoni ndi Antwerp anangoti oho. Nditafika pa masamu a achemwali a ku Nottingham anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza, kilo imodzi mapaketi 50. Anakhala chete mpaka ndimaganiza kuti netiweki yadula, kenako anafunsa kuti belo limodzi ndiye ndi mapaketi angati, ndinawauza kuti la makilo 100 ndi mapaketi 5,000. Chaka chino anadinda mabelo 11.

Za Agogo zoti kale bale anali wa maesiteti okha avomereza, akuti iwonso anayambira utenanti ali mnyamata asanapeze nambala yawo yolimira fodya, zomwe ine sindinkadziwa nkomwe. Akuti gogo wa ku Nottingham wa chubu pamphuno uja mukamupatse moni ngati akadali moyo.

Andituma funso lina kwa inu Mayi a ku Mchinji poti ndinu mlimi mnzawo. Akuti chaka chamawa akufuna achepetse fodya, munda wakumtunda adzalemo soya ndi mtedza, koma akuopa kuti akachepetsa maekala kampani iwachotsa pa kontirakiti ndiye feteleza wa chimanga amene amabwera limodzi ndi ngongole ija asowa. Inu kwanuko amene anachepetsa zinawathera bwanji, ndipo soyayo mumagulitsa kwa mavenda kapena muli ndi kopareti?